Kuphika pa wikendi kwa ife oweruka kutada: mafunso ndi mayankho

Amene timadzuka 5 koloko kuthamangira minibasi n'kubwerera kunyumba kutada kale timadziwana. Mkati mwa sabata kuphika kwake kumakhala kongoti bola m'mimba mulowe kanthu, lero mazira, mawa soya, mkuja mazira omwe aja. Nde mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amakonda kufunsa akafuna kuti Loweruka ndi Lamulungu ziziwapepuzako, ena ndi a ndiwo za sabata, ena ndi a keke, masikono ndi zigumu. Ndayankha mmene ndimachitira ine m'khitchini ya wamba, mbaula, kasilinda ka gasi ndi uvuni woti umagwira ntchito magetsi akakhalapo.

Wikendi yake ndi masiku awiri okha, muli kuchapa, tchalitchi, ukwati, pena maliro. Nthawi yophikayo ichokera kuti?

Ichokera pa kusiya maganizo oti muphika zonse. Anthu ambiri amagwa ulesi chifukwa amaona mavidiyo a pa Facebook ndi TikTok, makontena mbwee patebulo, iliyonse ndiwo yake, nde amayesa kamodzi, Loweruka lonse lathera kukhitchini, msana ukuwawa, sabata yotsatira osabwerezanso. Ine mfundo yanga ndi imodzi basi, pa wikendi phikani zokhazo zimene zimachedwa kupsa. Nyemba, nandolo wouma, nyama ya ng'ombe, nkhuku ya lokolo, mang'ina ngati mumawakonda, ndi supu wa tomato. Nsima ndi masamba zisiyeni, zimenezo ndi za mphindi 20 tsiku lomwelo.

Ndipo zochedwa kupsazi sizifuna kuti muime pambali kuzilondera. Mwatereka nyemba pa mbaula 6 koloko, inu mukuchapa, mukukolopa, mukungosuzumira ngati madzi alimo, pofika 9 koloko zatheka, mwasamba, ku ukwati mwapita. Ntchito yeniyeni imayamba Lachisanu usiku, kusankha nyemba n'kuziviika, mphindi 10 zokha olo mutatopa bwanji. A Seventh Day ingosinthani masiku, viikani Loweruka dzuwa likalowa muphike Lamulungu m'mawa. Kukagwa maliro nyemba zili m'madzi, khetsani madziwo, ziikeni m'kontena muponye mufiriza, zidzakudikirani.

Supu wa tomato mukunenayu ndi uti?

Ndi tomato ndi anyezi wokazinga yemwe uja timayambira ndiwo iliyonse, kungoti mukupanga wambiri nthawi imodzi. Taganizani bwino, madzulo aliwonse chimene chimadya nthawi si kuphika kwenikweniko ayi, ndi kusenda anyezi, kudula tomato, kudikira afewe. Gulani kandowa nthawi imene tomato watsika mtengo, wakupsa kwambiri uja amene ogulitsa akufuna angothana naye ndiye wabwino. Kazingani anyezi pa moto wochepa mpaka afiirire, thirani tomato, mchere, adyo ngati alipo, musiye aziwira osavundikira mpaka madzi athe, mafuta ayambe kuyandama pamwamba, ndipo mukadutsitsa mthiko pansi pa poto pazitsala kanjira kosatsekeka msanga. Pamenepo wapsa.

Musathiremo curry kapena tsabola panopa, chifukwa supu yemweyu Lolemba alowa mu usipa, Lachiwiri m'mazira, Lachitatu mu soya, chilichonse chidzalandira zokometsera zake pa tsiku lake. Ngati ana salimba ndi kambuzi, botolo la Nali likhale patebulo aliyense adzithirire yekha. Akazizira gawani m'timakontena ting'onoting'ono, ta majarini tija totha ntchito, kamodzi kokwana chakudya chimodzi, chifukwa chimene mwasungunula simuyenera kuchibwezanso mufiriza.

Nyemba zanga zimatha makala theka la thumba koma zimakhalabe gwa. Ndikulakwitsa pati?

Poyamba funsani kuti nyembazo ndi za liti. Nyemba zogonera, zimene zakhala m'thumba pamalo otentha chaka chathunthu, zimalimba khungu ndi mkati momwe, nde olo muziphike tsiku lonse zimangofewa mwa apo ndi apo. Zatsopano zimawala khungu ndipo mukailuma imodzi siikhala ngati ikufuna kuthyola dzino. Chachiwiri ndi kuviika, maola 8 mpaka 12, kenako tayani madziwo muthire ena. Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amakodwa, ndi kuthira tomato msanga. Kuwawasa kwa tomato kumalimbitsa khungu la nyemba, nde dikirani zifewe kaye, zoti mukaifinya ndi zala iphwanyike, ndiye muthire supu uja.

Pali china choti anthu sachiganizira, kumene mukukhala. Madzi amawira pa 100°C kunyanja ya mchere, koma mukamakwera mapiri amawira asanafike pamenepo. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, Dedza pafupifupi 1,600, kumeneko madzi amabwadamuka ali cha pa 95°C, nde nyemba zomwezo zimene ku Nsanje zapsa kale ku Dedza zimafuna nthawi yowonjezera. Si ufiti ayi.

Soda amafewetsadi, kansonga ka supuni kokha, koma amawononga vitamini B1 ndipo mukachulutsa nyemba zimamveka sopo, ine ndimamusungira nyemba zogonera zokha. Pressure cooker, poto uja wotseka kwambiri wophika ndi mphamvu ya nthunzi, ngati mungakwanitse gulani, nyemba zoviika zimapsa pa mphindi 25 kapena 30. Njira ina yosalira ndalama ndi iyi: wiritsani nyemba mwamphamvu kwa mphindi 20, phulani poto ali chivundikire, mukulungeni ndi bulangete lakale muike m'dengu kapena m'katoni, muchoke. Pakatha maola anayi kapena asanu mudzapeza zafewa ndi kutentha komwe kuja, mungozibweza pamoto ziwirenso. Kuwiritsa koyambako musadumphe, makamaka nyemba zofiira, zili ndi kapoizoni kena kamene kamatha pokhapokha zikabwadamuka mwamphamvu kwa mphindi 10.

Nanga nsima ndingaphikiretu ya masiku atatu?

Ayi. Mkute ndi wokoma m'mawa ndi tiyi kwa amene amaukonda, koma kuupatsa munthu madzulo Lachitatu kuti ndiye chakudya, ameneyo ndi mlandu. Wiritsani madzi m'ketulo mukangolowa m'nyumba, pamene mukuvula nsapato awira, phala likamakhwima inu mukutenthetsa ndiwo pa mbali inayo.

Masamba bwanji, ndingawaduliretu?

Repu, mpiru, tchainizi ndi kabichi zimalola. Tsukani, ziume bwinobwino, kenako dulani muike m'kontena mutayala kansalu koyera pansi kuti kazimwa chinyezi, mufiliji zimakhala masiku atatu zili bwino. Mukaziika zonyowa zimaterera n'kuyamba fungo. Nkhwani ndi bonongwe sizichedwa kufota, zimenezo idyani Loweruka ndi Lamulungu lomwelo, kapena sadzulani, muzifutse pang'ono m'madzi owira, mufinye n'kuponya mufiriza. Chigwada chosinja chimasungika bwino kwambiri mufiriza, ndipo poti chimafuna kuwira nthawi yaitali ndi ndiwo yoyenereradi pa wikendi.

Chimene chimapulumutsa kwambiri ndi nsinjiro. Sinjani kapena gayitsani zokwana sabata ziwiri muike m'botolo lotseka bwino, nyengo yotentha likhale mufiliji kuti mafuta ake asayambe kununkha. Koma sankhani mtedzawo ndi maso anu, wofwapa, wakuda ndi wa chuku tayani osaumva chisoni, muli poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. N'chifukwa chake nsinjiro zogula zosinjasinja ine sindizikhulupirira kwenikweni, simudziwa kuti munalowa mtedza wotani.

Chakudya chophika chimakhala masiku angati mufiliji? Nanga magetsi akathima?

Masiku atatu kapena anayi, filiji ikakhala yozizira bwino, 5°C kapena kutsikirapo. Nde zophika Loweruka zimene mudye pofika Lachiwiri zikhale mufiliji, za Lachitatu kupita kutsogolo zilowe mufiriza tsiku lomwelo. Musasiye poto pa sitovu usiku wonse kuti azizire, pasanathe maola awiri chiphulireni chakudya chikhale chalowa, ndipo chimazizira msanga mukachigawa m'makontena osaya.

Magetsi akathima lamulo ndi limodzi, osatsegulatsegula. Filiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola anayi, firiza yodzadza imatha kufika maola 48, yodzadza theka maola 24. Nde ngati firiza yanu ili ndi malo, dzadzanimo mabotolo a madzi aume gwa, magetsi akapita tengani awiri muike m'filiji pafupi ndi ndiwo. Ana auzeni kuti madzi akumwa ali mumtsuko, chifukwa amene amatsegula filiji kakhumi pa ola ndi iwowo. Nyama ikasungunuka koma ikadali yozizira iphikeni tsiku lomwelo. Ikafunda, kapena ndiwo zikasasa, zikayamba thovu, musachite zolawa, tayani, mtengo wa kuchipatala ndi wokwera kuposa nyamayo.

Ine ndilibe filiji, zonsezi zikundikhudza?

Theka lake likukukhudzani. Simungaphike ndiwo za msuzi za sabata yonse, koma mungakonzeretu zouma. Usipa, utaka, matemba kapena bonya sankhani, chotsani mchenga ndi mitu ngati mumachotsa, muwambe pang'ono pa chiwaya musunge m'chitini. Nsinjiro sinjiranitu. Mfutso wa nkhwani kapena wa chitambe ndi luso la agogo athu lomwe limagwirabe ntchito m'tauni, ingoyanikani pa lichero mutaphimba kansalu chifukwa cha fumbi ndi ntchentche. Nyama idulenidulenu, thirani mchere, muiphike mpaka madzi athe kenako muikazinge m'mafuta ake mpaka iume, imatha tsiku limodzi kapena awiri nyengo yozizira mukamaitenthetsa bwino m'mawa ndi madzulo. Mwezi wa Okutobala musayerekeze, phikani zokwana tsiku limenelo basi. Nyemba phikani zochepa, ndizo zimayamba kusasa.

Mpunga wa lanchi ya kuntchito ndingaphikiretu?

Mungathe, koma mpunga ndi wachinyengo kuposa nyama. Uli ndi tizilombo tina timene sitifa pophika, mpunga ukakhala pofunda maola angapo timachulukana n'kusiya poizoni woti kutenthetsa sikumuchotsa, fungo lake osasintha, inu n'kudya bwinobwino, masana muli kuofesi m'mimba mwayamba. Ukangopsa uyaleni pa thileyi uzizire msanga, pasanathe ola ulowe mufiliji, ndipo mudye mawa lake. Wa masiku akutsogolo uikeni mufiriza. Kilombero wa ku Karonga akazizira amalimba pang'ono, potenthetsa wazani timadzi muvundikire, fungo lija limabwerera. Kutenthetsa ndi kamodzi kokha.

Kumsika ndizipita liti?

Loweruka m'mamawa anthu asanadzadze, kapena Lachisanu poweruka ngati njira yanu imadutsa kumeneko, zimenezo zimakupatsani Loweruka lathunthu. Ku Lilongwe misika ngati Wakawaka ndi Lizulu, ku Blantyre msika wa Limbe kapena Bvumbwe kwa amene ali ndi mayendedwe, ku Mzuzu Zigwagwa, mukagula mopikula mumapindula kuposa kugula tomato atatuatatu pa benchi la pafupi ndi nyumba madzulo aliwonse. Kandowa kakakuchulukirani gawanani ndi aneba kapena mnzanu wa kuntchito. Ndipo wina wa kwanu akamayenda msewu wa M1 mutumeni, kachewere pa Tsangano turn-off, kabichi ndi karoti pa Lizulu wa ku Ntcheu kapena pa Bembeke, tomato ndi anyezi pa Jenda. Fulawa, shuga, mafuta ndi majarini ndi zogula pakutha pa mwezi ndalama ikadalipo.

Ndilibe uvuni. Keke ingatheke pa mbaula?

Ingatheke bwinobwino, makeke ambiri amene munadya muli ana anapsera pa mbaula. Pezani poto wamkulu wakale, woti simudzaphikiranso ndiwo chifukwa mchenga umamuwononga pansi. Thiranimo mchenga wa kumtsinje wosefa, wouma, kuya kwake zala ziwiri, pamwamba pake ikani timiyala titatu tofanana touma kuti chitini cha keke chisakhudze mchengawo. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo kapena kachidutswa ka lata kosalala, terekani pa mbaula kwa mphindi 15 kuti mkati mutenthe musanalowetse keke. Makala ake akhale oti ayaka kale, achita phulusa loyera pamwamba, osati amene akadali akuda akufuka utsi.

Chinsinsi chili pa kagawidwe ka moto. Mukalowetsa chitini, chotsani makala ambiri pansi muwaike pa chivundikiro, pansi patsale ochepa chabe, chifukwa mchenga wasunga kale kutentha. Makala a pamwambawo ayaleni mozungulira m'mphepete, osati mulu pakati, apo ayi keke imapserera pamutu mkati muli phala. Mphindi 25 zoyamba musatsegule olo mtima ukuthamanga bwanji. Fungo likayamba kufika kwa aneba, nyamulani chivundikiro mosamala mutayamba mwachikupiza kuti phulusa lisagwere mkati, bayani pakati ndi kamtengo koyera kapena mpeni, kakatuluka kouma yapsa, kakatuluka ndi phala bwezerani kwa mphindi 10 zina. Pamwamba pakafiira msanga chepetsani makala kapena phimbani keke ndi pepala la foyilo. Poto muzimutembenuza pang'ono nthawi ndi nthawi chifukwa mbali imene kukuchokera mphepo imatentha kwambiri.

Zonsezi chitirani panja kapena pakhonde. Juni ndi Julaye kukazizira anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mawindo, makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo, munthu amangomva mutu ndi tulo, ena sadzukanso.

Sindinapangepo chilichonse chotere, ndiyambe ndi chiyani?

Chigumu. Sichifuna fulawa, sichifuna mikisa, ndipo chimakhululuka. Makapu awiri a ufa wa mgaiwa, nthochi zinayi zakupsa kwambiri zija khungu lachita madontho akuda, supuni yaing'ono imodzi ya soda, kamchere, masupuni atatu a mafuta, shuga pang'ono ngati nthochizo sizikutsekemera mokwanira, ndi chambiko kapena mkaka wothira madzi a mandimu mpaka zonse zizigwa pa mthiko mwaulesi. Dzira ndi la amene ali nalo. Pakani mafuta m'chitini, mphindi 35 mpaka 45 chapsa. Mgaiwa ndi umene umakoma, ufa woyera chigumu chake chimakhala chopanda mtima.

Mukachizolowera pitani pa keke ya nthochi: makapu awiri a fulawa, nthochi zinayi zofinya, theka la kapu ya mafuta, shuga wosadzadza kapu, mazira awiri, supuni yaing'ono ya soda ndi kamchere. Zamadzi pazokha, zouma pazokha, kenako phatikizani n'kutakasa pang'ono chabe, fulawa akangosowa siyani. Pa 180°C ndi mphindi 50 mpaka ola. Imeneyi ndi keke ya anthu ogwira ntchito chifukwa mawa lake imakoma kuposa lero, ndipo mukaidula n'kuika mufiriza ana atenga kagawo kamodzi kusukulu mpaka Lachisanu. Makeke a ayising'i ndi maluwa asiyeni kaye, amenewo amadya tsiku lathunthu.

Soda, bekingi pauda ndi yisiti zimasiyana bwanji? Chimodzi chikasowa ndingaike chinzake?

Soda amafuna chowawasa kuti agwire ntchito, chambiko, mandimu, viniga kapena nthochi zakupsa. Popanda zimenezo keke siifufuma ndipo imawawa. Bekingi pauda ndi soda yemweyo wosakaniza kale ndi chowawasa chake, nde amangofuna chinyezi ndi moto, muyeso wake ndi supuni yaing'ono imodzi pa kapu ya fulawa. Soda ndi wamphamvu katatu kapena kanayi, musamuike muyeso wofanana. Fulawa wolembedwa self-raising ali kale ndi bekingi pauda, mukawonjezeranso keke imakwera n'kugwa. Yisiti ndi nkhani ina, ndi wamoyo, amadya shuga pang'onopang'ono, amafuna nthawi, ndipo ndi wa buledi, mabanzi ndi mandasi, osati keke.

Kachitini ka bekingi pauda kamene kakhala mukabati kuyambira Khirisimasi yatha kayeseni kaye, thirani theka la supuni m'madzi otentha, akapanda kuchita thovu nthawi yomweyo watha mphamvu.

Ndimatsatira resipe ya pa intaneti ndendende koma keke imagwa pakati. Bwanji?

Kawirikawiri ndi kutsegula uvuni msanga, kapena kuiphula isanapse mkati, kapena bekingi pauda wachuluka. Makapu nawonso, resipe ikati kapu ikunena ya 250 ml kapena pafupi pamenepo, osati chikapu cha tiyi cha abambo chija. Gwiritsani kapu imodzi yomweyo pa zonse ndipo fulawa musamutsindire. Mauvuni athu ambiri manambala ake ndi ongokongoletsa, mwaika 180 koma mkati muli moto wina, nde ngati makeke anu amapserera pansi nthawi zonse tsitsani pang'ono ndipo chitini chikhale pa shelefu ya pakati. Uvuni wa fani umafuna mutsitse ndi 20°C, resipe ikati 180 inu ikani 160, izi zikukhudza kwambiri abale athu a ku Joni ndi ku UK amene nyumba zawo zimakhala ndi mauvuni amenewa.

Ndiye pali nkhani ya mapiri ija. Maresipe ambiri analembedwa ndi anthu okhala kufupi ndi nyanja ya mchere, pamene Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Dedza zili pa mamita 1,000 kapena kupitirira. Kumtunda kuno mpweya ndi wopepuka, keke imafufuma mofulumira isanalimbe, kenako n'kukhala pansi. Chepetsani bekingi pauda pang'ono, pa supuni iliyonse chotsani kansonga, chepetsaninso shuga supuni imodzi kapena ziwiri, muwonjezere mkaka supuni ziwiri. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chimene chathandiza.

Buledi ndi masikono a yisiti amafuna kudikira, ine nthawi ndilibe.

Kudikirako achite ndi filiji inu muli mtulo. Loweruka madzulo kandani fulawa 1 kg, kapaketi ka yisiti ka 10 g, masupuni aang'ono awiri a mchere, shuga masupuni anayi kapena kuposerapo ngati ndi masikono, majarini pang'ono, ndi madzi ofunda pafupifupi 600 ml. Ofunda ake oti chala chikhalemo osamva kuwotcha, otentha kwambiri amapha yisiti. Kandani mphindi 10 mpaka asiye kumata m'manja, ikani m'beseni lopaka mafuta, phimbani, mufiliji. Usiku wonse amafufuma pang'onopang'ono ndipo kakomedwe kake kamaposa kofufumitsa mothamanga. Lamulungu m'mawa tulutsani, umbani, ikani m'thileyi, muphimbe. Mukamachokera ku mapemphero a m'mawa mupeza afufumanso, 200°C kwa mphindi 15 mpaka 20 masikono, buledi mphindi 35 mpaka 40. Ngati kutchalitchi kwanu amatulukira 1 koloko, umbani mukabwerako, apo ayi mudzapeza afufuma mpaka kuphwa, makamaka Okutobala. Nthawi ya chiperoni ndi zosiyana, amachita ulesi, ikani thileyi pafupi ndi mbaula kapena padzuwa mutaphimba.

Mandasi anga akumwa mafuta.

Mafuta sanatenthe, kapena mukuponyamo ambiri nthawi imodzi mafutawo n'kuzizira. Ponyani kachidutswa kaye, kakamira n'kubwera pamwamba msanga kakuchita thovu ndiye yambani. Kakada nthawi yomweyo moto wachuluka, adzapsa kunja mkati muli muwisi.

Thobwa lingalowe mu pulogalamu imeneyi?

Limalowa bwino kwambiri chifukwa nalonso limadzipanga lokha usiku. Loweruka madzulo phikani phala la mgaiwa lipse bwino, liphuleni lizizire mpaka lifunde chabe, thirani chimera cha mawere mutakase, mudzaona phala lolimba lija likusungunuka. Mukathira likadali lotentha kwambiri chimera chimafa mphamvu, thobwa silitsekemera. Vundikirani ligone, m'mawa liwiritseninso, likazizira thirani m'mabotolo muike mufiliji. Mukalisiya panja masiku angapo limasasa n'kuyamba ulendo wopita kwina, nde a mpingo samalani.

Bambo a kunyumba akuti sadya ndiwo za mufiliji, apongozi nawo akuti ndi ulesi. Nditani?

Asisi, nthawi zambiri chimene amakana si filijiyo, ndi ndiwo yotenthetsa mwamwambo chabe, kunja kofunda mkati kozizira, kapena kuona nyemba zomwezo masiku anayi otsatizana. Nyama ndi nyemba sungani zongowiritsa, zopanda supu, tsiku lodya kazingani kaanyezi katsopano, thirani supu uja, ziwire bwinobwino, nyumba yonse imveke fungo. Pambali pali nsima yamoto ndi masamba a lero. Ambiri sazindikira n'komwe. Akakakamirabe, poti nonse mumaweruka 5 koloko n'kukhala pa jamu yomweyo, auzeni mwaulemu kuti Lachiwiri ndi Lachinayi khitchini ndi yawo, aphike zatsopanozo. Apongozi musalimbane nawo, akabwera aphikireni nkhuku ya lokolo ya tsiku lomwelo, za mkati mwa sabata sakhalapo.

Vuto lenileni ndi alendo a Lamulungu masana. Amati mlendo ndi mame, koma mame ena amakamuka atamaliza nyama ya mpaka Lachinayi. Gawiranitu za sabata muziike pansi penipeni pa firiza alendo asanafike, patebulo pabwere zimene munakonzera tsikulo, ndipo chigumu ndi tiyi zimathandiza kwambiri pamenepa.

Ndine mnyamata, ndimakhala ndekha, hotipuleti imodzi. Zonsezi si za mabanja?

Achimwene, inuyo ndi amene mungapindule kwambiri, chifukwa ndalama ya chipisi ndi kanyenya madzulo aliwonse mukaiwerengera pa mwezi mudzakhala pansi. Yambani ndi zinthu ziwiri, poto wa nyemba ndi supu wa tomato. Mukawonjezera mazira, usipa ndi soya mwatha sabata. Futali wa mbatata kapena wa maungu Lamulungu m'mawa ndi poto mmodzi yemweyo, nsinjiro ndi mchere basi.

Gasi, makala kapena magetsi?

Mkati mwa sabata gasi alibe mnzake, mwayatsa mwaphika mwazimitsa. Koma kuphika nyemba maola atatu pa gasi ndi kuwotcha ndalama, pokhapokha muli ndi pressure cooker. Zochedwa kupsa ndi za mbaula, ndipo moto umodzi ugwire ntchito zingapo motsatizana, nyemba zikaphulidwa pabwere nyama, makala akatsala ofooka ndi abwino pa chigumu, phulusa lotentha lomaliza kwiriranimo mbatata. Kumbukiraninso kuti lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, makala opanda chilolezo ndi mlandu, nde kumene kukupezeka makala ovomerezeka kapena mabriketi yesani amenewo, ndipo amene muli ndi tinkhuni ta pakhomo chitetezo mbaula imadya tochepa kwambiri. Wa gasi, paipi ndi regyuleta muzipaka madzi a sopo nthawi ndi nthawi, pakachita thovu pakutuluka mpweya, tsekani musinthe.

Anzanga kuofesi akuti masikono anga ndi okoma, ndiyambe geni?

Yambani ndi maoda okha, osati kupanga kaye n'kumasaka ogula. Atumize uthenga pa WhatsApp pofika Lachisanu, inu mupange Lamulungu, Lolemba mwapereka. Powerengera mtengo musaiwale makala kapena mayunitsi a magetsi, mapepala okulungira, majarini opaka m'thileyi ndi kabaza wonyamula beseni, chifukwa ambiri amangowerengera fulawa ndi shuga n'kumadabwa kuti mpamba ukutha bwanji. Mitengo ya fulawa ndi mafuta imasinthasintha, nde werengeraninso nthawi iliyonse mukagula zatsopano. Dziikireni malire a mathileyi amene mungapange osagona pakati pa usiku, poti Lolemba 5 koloko minibasi ija ikudikira. Ndipo chimene chimagwetsa geni ya kuofesi ndi "ndikupatsani pa malipiro". Kakope kakhalepo, dzina ndi tsiku, koma bwino kwambiri ndi kuwauza kuti oda imalowa ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, abwana omwe.